Kapinga wafiira nyengo yozizira: tithire feteleza kapena tidikire?

Make Dalitso:
Moni nonse apagulu. Ndithandizeni nzeru inu amene mumasamalira kapinga. Wapabwalo panga ndi uja wa timasamba ting'onoting'ono, woyanga kwambiri, amene ena amamutchula kuti Bermuda. Nyengo yonse yotentha anali wobiriwira mosiririka, koma chiyambireni kuzizira usiku wangofiira bwalo lonse. Tikumathirira madzulo aliwonse koma palibe chikusintha. Mnyamata amene amandithandiza ntchito akuti tigule Urea tithire wochuluka kuti abwerere msanga. Nditero kodi?

Bambo Nkhoma:
Ayi mayi, Urea ameneyo ayambe wadikira. Musanachite china chilichonse pitani pamene pafiira kwambiripo, mukokere m'mwamba kamtsinde kamodzi ka tija toyanga pamwamba pa dothi, mukakande ndi chikhadabo. Mukaona kuti mkati mwake ndi moyera kapena mobiriwira pang'ono, ndipo kakupindika osathyoka, dziwani kuti kapinga wanu ali moyo. Wangoleka kukula basi.

Bermuda, Kikuyu, Buffalo ndi Zoysia onsewa ndi udzu wa nyengo yotentha. Amakula mwamphamvu kukamatentha pakati pa madigiri 27 ndi 35. Dothi likazizira mpaka kutsikira cha m'ma 10, Bermuda amasiya kutulutsa masamba atsopano, akale aja amafiira, ndipo chakudya chake amachisunga m'mitsinde ya pansi pa nthaka kudikira kuti kufunde. Mukathira Urea panopa iye sadya. Amene adye ndi udzu wosafunika uja wokonda kuzizira, wotsalayo apita ndi madzi. Ndipo kukachitika kuti masana afunda, kapingayo n'kutulutsa timasamba tanthete chifukwa cha fetelezayo, chisanu chikangogwa usiku umodzi timasamba timeneto tipsa, mphamvu imene anasunga ija n'kupita pachabe.

Yohane wa Maluwa:
Bambo Nkhoma anena zoona. Ine ntchito yanga ndi yomweyi yosamalira mabwalo a anthu, ndipo chimene ndingawonjezere ndi nkhani ya madziyo. Amayi, kuthirira kwa madzulo aliwonseko kulekeni lero lomwe. Udzu umene sukukula sumwa madzi ambiri. Dothi likamangokhala chinyowere usiku wonse kukuzizira, mizu imayamba kuwola ndipo matenda a chuku amalowa. Nyengo ino ngati mvula kulibe, kuthirira kamodzi pa masabata awiri kapena atatu n'kokwanira, kungoti mizu isaumiretu.

Nabanda:
Koma abale, ine wanga ndimathirira tsiku ndi tsiku chaka chonse ndipo ndi wobiriwira. Zoti madzi amawononga kapinga ndikuzimva koyamba.

Yohane wa Maluwa:
Wanu ndi wamtundu wanji achemwali?

Nabanda:
Kikuyu.

Bambo Nkhoma:
Ndiye chifukwa chake. Kikuyu kwawo ndi kumapiri a kum'mawa kwa Africa, kumene usiku kumazizira, choncho amapirira kuzizira kuposa Bermuda ndipo amachedwa kufiira. Kubiriwira kumene mukukuonako n'kwa mtundu wakewo, si kwa madzi a tsiku ndi tsiku. Tayesani kukumba ndi fosholo kachigawo kakang'ono pakona, muone pamene mizu yalekezera. Kapinga wothiriridwa pang'onopang'ono tsiku lililonse mizu yake imangounjikana pamwamba, masentimita asanu kapena kuchepera, chifukwa madzi amapezeka pomwepo. Tsiku limene madzi adzavute kwa sabata imodzi nyengo yotentha, ameneyo ndiye woyamba kuuma. Amene amathiriridwa kwambiri koma patalipatali mizu imatsata chinyontho pansi, ndipo dzuwa likawamba pamwamba iye amakhala akumwabe.

Nabanda:
Nanga "kwambiri" ameneyo ndi madzi ochuluka bwanji? Chifukwa aliyense kwambiri wake ndi wake.

Bambo Nkhoma:
Nyengo yotentha, kapinga amafuna madzi okwana pafupifupi mamilimita 25 pa sabata, kuphatikizapo mvula. Milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi, ndiye kuti malita 25 pa sikweya mita iliyonse. Kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani zitini zinayi kapena zisanu za m'mbali mowongoka, muziike malo osiyanasiyana pabwalo, mutsegule chowazira madzi chanu. Muone nthawi imene yadutsa kuti m'zitinimo mufike masentimita awiri ndi theka. Nthawi imeneyo ndiyo muzithirira pa sabata. Zitinizo zikuonetsaninso malo amene madzi sakufika bwino, chifukwa mupeza china chadzaza china muli pang'ono.

Ngati dothi lanu ndi lamchenga, madzi amenewo agaweni pawiri pa sabata chifukwa mchenga susunga. Ngati ndi lamakande, thirirani mpaka muone madzi ayamba kuyenderera, mutseke, mudikire alowe, kenako mupitirize. Ndipo nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere, kuti masamba aume msanga.

Yohane wa Maluwa:
Komanso kapinga amanena yekha akamva ludzu. Mukayendapo n'kucheuka, mapazi anu n'kumaonekabe udzu osadzuka, ndiye kuti nthawi yothirira yakwana. Maonekedwe ake amasinthanso, amachita kutuwa ndipo timasamba timapindika m'litali.

Make Dalitso:
Ndapita kukayesa zija munanena bambo Nkhoma. Timitsindeto mkati ndi toyera ndipo ndi tolimba. Mtima wakhala pansi. Ndiye panopa ndizingomuyang'ana osachita kanthu?

Bambo Nkhoma:
Ntchito ilipo koma ndi yochepa. Zulani udzu wosafunika pamene ukuonekera bwino pakati pa wofiirayo, usanabereke njere. Sesani masamba a mitengo asaunjikane. Ndipo muchepetse kupondaponda, makamaka galimoto isamaime pamenepo, chifukwa udzu umene sukukula sungathe kudzikonza pamene waperepeseka. Ntchito yeniyeni idzayamba mukadzaona timasamba tobiriwira tayamba kutuluka tokha.

aChisale:
Ine ndilowererepo pa nkhani yotchetcha. Njira yanga ndi yoti ndimatchetcha mpaka pansi penipeni kuti nditenge nthawi ndisanatchetchenso. Mafuta a makina sangamathere udzu sabata iliyonse. Amafiira masiku angapo koma amabwerera.

Yohane wa Maluwa:
Achimwene, pamenepo ndiye sindikuvomerezani. Kubwerera amabwereradi, koma amabwerera ndi chakudya chimene anasunga m'mizu. Mukamatero kawirikawiri nkhokwe imeneyo imatha, mizu imafupika, ndipo m'mipata yoonekera dothi ija ndi mmene udzu wachabechabe umamera. Lamulo lake ndi loti pa ulendo umodzi musachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa udzu. Ngati mukufuna kapinga wa masentimita 4, mutchetche akafika 6. Mukamulekerera mpaka 12, musamutsitse tsiku limodzi. Mutsitseni pang'ono lero, mudikire masiku atatu kapena anayi, mutsitsenso.

aChisale:
Ndiye kuti nyengo yamvula munthu uzingokhalira kutchetcha.

Yohane wa Maluwa:
Kikuyu ndi Bermuda nyengo imene akukula kwambiri, inde, kamodzi pa sabata. Koma kutchetcha kwake kumakhala kopepuka, makina salimbana ndi udzu, ndipo simutola zinyalala. Udzu wautali wonyowa ndi umene umamwetsa makina mafuta.

Bambo Nkhoma:
Ndiwonjezere za msinkhu, chifukwa mitunduyi siyofanana. Bermuda amakhala bwino pa masentimita awiri ndi theka mpaka 4. Kikuyu 3 mpaka 5. Zoysia chimodzimodzi chapomwepo. Buffalo, uja wa masamba otambalala amene kwina amamutchula St Augustine, amafuna kusiyidwa wamtali, masentimita 5 mpaka 8. Ndipo aChisale, ngati wanu ndi Buffalo njira yanuyo idzamupha ndithu. Bermuda ndi Kikuyu ali ndi mitsinde iwiri: ina yoyanga pamwamba, ina yoyenda pansi pa nthaka. Mukapala pamwamba, ya pansiyo imaphukanso. Buffalo ali ndi yapamwamba yokha. Mukaipala imeneyo palibe chotsala choti chiphuke.

aChisale:
Wanga ndi Kikuyu, koma ndamva.

Mayi Gondwe:
Funso langa lili pomwepo. Ndikatchetcha, tsiku lotsatira nsonga za udzu zimayera n'kufiira, bwalo lonse kuoneka lotuwa ngakhale kuti sindinatsitse kwambiri. Chimachititsa n'chiyani?

Yohane wa Maluwa:
Mpeni wa makina wabuntha amayi. Tazulani tsamba limodzi muliyang'anitsitse. Lodulidwa ndi mpeni wakuthwa nsonga yake imakhala yowongoka. Lanulo mupeza nsonga yanyenyeka, pali tiulusi toyera tolendewera. Mpeniwo sukudula, ukung'amba, ndipo mabala amenewo ndi amene amauma komanso ndi polowera matenda. Unoleni. Musanaugwire muyambe mwachotsa waya wa pulagi, kapena kuzula kumagetsi ngati ndi makina amagetsi. Amene mumatchetcha ndi chikwakwa nkhani ndi yomweyo, tupa izikhala pafupi.

Nabanda:
Nanga udzu wotchetchawo, tizisesa kapena tizisiya pomwepo? Kwathu timakangana nkhani imeneyi. Bambo akunyumba amati kusiya ndi uve.

Bambo Nkhoma:
Ngati ndi tizidutswa tating'ono, siyani. Timalowa pansi, timawola msanga, ndipo nayitirojeni amene anali m'masambamo amabwerera m'dothi. Ndi feteleza waulere. Sesani pokhapokha ngati udzu unatalika kwambiri moti wasiya milu, chifukwa mulu ukakhala masiku awiri pansi pake pamachita chikasu. Sesaninso ngati pabwalo pali matenda kapena udzu wosafunika umene wabereka njere.

aChisale:
Koma si zimenezo zimene zimapangitsa kuti Kikuyu azichita wofuwofu munthu ukamayendapo? Wanga ukaponda umachita ngati waponda matiresi.

Bambo Nkhoma:
Anthu ambiri amaganiza choncho, koma chimene chimaunjikana pamenepo kwenikweni si masamba otchetcha. Ndi mitsinde yakale ndi mizu yakufa, zolimba zimene zimachedwa kuwola. Kikuyu, Bermuda ndi Zoysia amapanga zimenezi kwambiri, makamaka akamadyetsedwa nayitirojeni wochuluka ndi madzi osalekeza. Dulani kachigawo ndi fosholo muyang'ane m'mbali mwake. Pakati pa masamba obiriwira ndi dothi muona mzere wofiirira. Ukakhala wochepera sentimita imodzi ulibe vuto, umathandiza kusunga chinyontho. Ukapitirira sentimita imodzi ndi theka ndiye wayamba kutchinga madzi ndi feteleza, mizu imayamba kumera mmenemo m'malo mwa m'dothi, ndipo tizilombo timapezamo pobisala. Makina nawonso amamira n'kumapala malo ena.

Kuchotsa kwake ndi kumeneko kokha kumene ndimalola kutchetcha mpaka pansi, kamodzi pa chaka, kumayambiriro kwa nyengo yotentha udzu utangoyamba kuphuka. Mutsitse makina, mutchetche, kenako mupale ndi reki yachitsulo mwamphamvu, muchotse zonse zofiirazo. Bwalo lidzaoneka lomvetsa chisoni kwa masabata awiri kapena atatu, koma popeza ndi nthawi yake yokula, amatseka msanga. Mukachita zimenezi kukuyamba kuzizira ndiye kuti bwalo likhala lambee mpaka nyengo ithe. Ndibwerezenso, Buffalo musamuchite zimenezi. Iyeyo kungomupesa mopepuka basi.

Make Dalitso:
Ndikulemba zonsezi. Ndiye kukadzafunda ndiyambe ndi chiyani, ndimalize ndi chiyani?

Yohane wa Maluwa:
Mmene ndimachitira ine: ndimayamba ndi kupala kumene anena bambo Nkhomako. Kenako ndimatenga foloko ya m'dimba n'kumabaya dothi, kulowetsa masentimita 10, kugwedeza pang'ono, kuzula, kusuntha phazi limodzi, kubayanso. Malo amene anthu amadutsadutsa ndi amene ndimalimbikirapo chifukwa dothi lake limagogomezeka mpaka mpweya ndi madzi kulephera kulowa. Dothi likhale lachinyontho, osati lamatope komanso osati louma gwa. Ndikatha ndimawaza kompositi wosefa wosakaniza ndi mchenga, n'kusalaza ndi kumbuyo kwa reki. Musakwirire udzu. Sentimita imodzi yakwana, nsonga zizionekabe. Ngati pali dzenje lakuya, lidzazeni pang'onopang'ono maulendo angapo.

Manyowa a ziweto akhale owola bwinobwino. Aawisi amawotcha, komanso amabwera ndi njere za udzu wa mitundumitundu zimene mudzalimbana nazo chaka chonse.

Make Dalitso:
Nanga Urea uja?

Bambo Nkhoma:
Ameneyo adzabwere bwalo likabiriwira pafupifupi lonse ndipo mwatchetchapo kale kamodzi kapena kawiri. Muyeso wake ndi umene anthu amaphonya. Kapinga amafuna pafupifupi magalamu 5 a nayitirojeni pa sikweya mita pa ulendo umodzi. Mu Urea nayitirojeni alimo 46 peresenti, choncho ndi magalamu 11 okha a Urea pa sikweya mita. Bwalo la mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi likufuna kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Mukauona m'ndowa mudzati wachepa, koma ndi womwewo. Ngati ndi CAN, amene nayitirojeni wake ali cha m'ma 27 peresenti, bwalo lomwelo likufuna pafupifupi makilogalamu awiri.

Pothira gawani fetelezayo pawiri. Theka muwaze mukuyenda m'litali, theka linalo mukuyenda m'lifupi, kuti pasakhale mizere ina yobiriwira ina yotuwa. Masamba akhale ouma, mame atakamuka, chifukwa timibulu tikamatirira pa tsamba lonyowa timaliwotcha. Mukangomaliza thirirani bwino kuti asungunuke alowe pansi. Urea akakhala pamtunda padzuwa gawo lina limauluka ngati mpweya wa amoniya. Mutha kubwereza pakatha masabata 6 mpaka 8 nyengo yonse yokula, n'kusiya kutatsala mwezi ndi theka kuti kuzizira kuyambe.

Amene mungathe kuyezetsa dothi, yezetsani. Mitundu yambiri ya kapinga imakonda pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 6 ndi 7. Dothi likakhala la asidi wambiri mutha kuthira feteleza mpaka kutopa udzu osasintha, pamene chimene chikufunika ndi laimu.

Mayi Gondwe:
Ine vuto langa lina ndi pansi pa mtengo. Ndabzalapo Bermuda kangapo, amagwira kenako amayamba kutalika monyozoloka n'kutha. Feteleza ndimathira.

Yohane wa Maluwa:
Pamenepo feteleza sangathandize amayi, akusowa dzuwa. Bermuda amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposera pa tsiku. Pamthunzi bzalani Buffalo kapena uja amati LM, amenewo amapirira. Muziwasiya atalikepo kuposa apadzuwa kuti tsamba likhale ndi malo okwanira olandirira kuwala, ndipo muchepetse feteleza. Kudulira nthambi za m'munsi kumathandizanso. Koma ngati mthunziwo ndi wandiweyani tsiku lonse, palibe kapinga amene angakhalepo. Kuli bwino kuzunguliza mtengowo ndi maluwa okonda mthunzi.

Nabanda:
Bwanji osangobzala Kikuyu paliponse? Sachedwa kutseka.

Bambo Nkhoma:
Nayenso mthunzi wambiri saukonda. Ndipo liwiro lakelo ndi lomwe limavuta: amalowa m'mabedi a maluwa, amakwera mpanda, amatulukira m'ming'alu ya simenti. Ku United States boma linamuika pa mndandanda wa udzu wowononga. Amene muli naye muzidula m'mphepete ndi fosholo kawirikawiri. Zoysia, amene anachokera kum'mawa kwa Asia, ndi wosiyana naye kwambiri: amatenga nthawi yaitali kuti atseke bwalo, koma akatseka satchetchedwa pafupipafupi ndipo udzu wina umavutika kulowamo.

aChisale:
Funso lina. Nyengo yotentha yapitayi panatuluka zigamba zofiira pakati pa bwalo, zikukula tsiku ndi tsiku, chonsecho mvula imagwa. Munthu ungadziwe bwanji kuti ndi matenda kapena tizilombo?

Yohane wa Maluwa:
Musathamangire kugula mankhwala musanaone mdani. Yambani ndi kukoka udzu wa m'mphepete mwa chigambacho. Ukanyamuka wonse mosavuta, wopanda mizu, fukulani pansi pake. Mukapeza mphutsi zoyera zonenepa, zopindika thupi, za mutu wofiirira, ndi ana a zikumbu amenewo, akudya mizu.

Ngati mizu ili bwino koma masamba adyedwa, ganizirani ntchemberezandonda ndi mbozi zinzake. Zimadya usiku, masana zimabisala. Sungunulani masipuni awiri a sopo wamadzi wotsukira mbale mu malita asanu a madzi, muthire pa sikweya mita imodzi m'malire a pofiira ndi pobiriwira, mudikire mphindi khumi. Ngati zilimo zituluka zokha pamwamba. Mukamaliza tsukulizani malowo ndi madzi oyera. Mbalame zikamaunjikana malo amodzi n'kumajompha pansi, nachonso ndi chizindikiro. Mankhwala a mbozi amagwira bwino mukapopera madzulo, pamene zikutuluka, ndipo zikadali zazing'ono. Tsatirani muyeso wa pabotolo, ana ndi ziweto asapondepo mpaka paume.

Chiswe chimadziwika ndi timizere ta dothi pa mitsinde, ndipo chimakonda pamene pali zofiira zounjikana zija.

Bambo Nkhoma:
Ngati mwachita zonsezi osapeza kachilombo, ndipo chigambacho ndi chozungulira, m'mphepete mwake mwachikasu, masamba akusololoka mosavuta patsinde pali powola, amenewo ndi matenda a chuku. Amabwera ndi chinyontho chokhalitsa, kuthirira kwa usiku ndi nayitirojeni wopitirira muyeso. Siyani feteleza, thirirani m'mawa mokha, ndipo malo odwalawo muziwatchetcha pomaliza kuti makina asafalitse.

Mayi Gondwe:
Ndiwonjezere chimodzi chimene ndinachiona ndi maso. Tizigamba ting'onoting'ono tofiira pakati koma m'mphepete mobiriwira kwambiri kuposa bwalo lonse, ameneyo ndi galu. Mkodzo wake uli ndi nayitirojeni wambiri, pakati umawotcha, m'mbali umadyetsa. Mukamuona wakodza thiranipo ndowa ya madzi nthawi yomweyo.

Nabanda:
Nanga dawe? Ameneyo ndiye wandikwana. Ndimazula lero, sabata yamawa watulukanso, ndipo amatalika msanga kuposa kapinga. Ndinapopera mankhwala opha udzu a 2,4-D koma sanamve.

Bambo Nkhoma:
Sangamve, chifukwa 2,4-D ndi wa zomera za masamba otambalala monga chisoso ndi bonongwe. Dawe sali m'gulu limenelo, komanso si udzu weniweni. Tapotokolani tsinde lake pakati pa zala, mumva kuti lili ndi ngodya zitatu. Pansi ali ndi timbatata tolumikizana, ndipo mukazula timatsalira n'kuphukanso. Ngati ndi wochepa, kumbani ndi kampeni mutulutse timbatatato, kapena muzimuzula akadali ndi masamba osapitirira asanu, mobwerezabwereza, mpaka mphamvu ya pansiyo ithe. Ngati wadzaza, funani mankhwala okhala ndi halosulfuron, ndipo muwerenge ngati akuloledwa pa mtundu wa kapinga wanu. Mankhwala a glyphosate musayerekeze kupopera pabwalo, amapha ndi kapinga yemwe.

Komatu mayi Nabanda, dawe amakonda dothi losauma. Kuthirira kwa tsiku ndi tsiku kuja ndi kumene kukumulera.

Nabanda:
Chabwino, ndiyesa za zitinizo kukangoyamba kutentha. Yohane, 2,4-D wotsalayo ndingapopere pa Buffalo wa kuseri kwa nyumba? Kuli chisoso chambiri.

Yohane wa Maluwa:
Samalani naye achemwali, Buffalo sachedwa kupsa ndi mankhwala a mtundu umenewo, makamaka kukatentha. Onani pabotolo ngati Buffalo watchulidwa. Ngati sanatchulidwe musapopere. Chisoso sichivuta kuzula dothi likanyowa, bola muchipeze chisanachite maluwa.